Kalirole wa Mcape

Abale, mwezi uno tikumbuke mbiri ya Mcape, pakuti m'menemo tiona mtima wa munthu monga uli.

Kale munthu akafa modzidzimutsa, makolo athu anali kufunafuna mfiti ndi mwabvi: wosanza anayera, ndipo wakufa nao ndiye anayesedwa mfiti. M'caka ca 1911 Boma la Nyasaland linaletsa mwabvi ndi kuloza munthu ufiti. Lamulo linacotsa cikho, koma mantha anatsala m'mitima, ndipo ambiri anadandaula kuti Boma lichinjiriza afiti.

M'zaka za 1933 ndi 1934, pamene mtengo wa fodya unatsika ndi nchito inasowa, anyamata anayendayenda m'midzi ndi mankhwala ochedwa Mcape, ndiko kunena ocapa dziko. Iwo anati anawatuma Kamwiri wa ku Mlanje, amene, monga mwa kunena kwao, anafa nauka nao mankhwalawo. Mbiri yao inalumpha malire, nifika ku Northern Rhodesia ndi ku Tanganyika. Audrey Richards anawaona pakati pa Abemba m'caka ca 1934, nalemba macitidwe ao.

Macitidwewo ndi awa. Mfumu inasonkhanitsa mudzi, anthu nandandalika, napita mmodzimmodzi kumbuyo kwa mwini mankhwala, iye alikupenya m'kalirole wamng'ono. Amene kalirole anamgwira anauzidwa kuturutsa nyanga zace, ndipo nyangazo anaziunjika pamphambano. Pomaliza onse anamwa mankhwala ofiira, nacenjezedwa kuti wobwerera ku ufiti adzafa. Nyanga zambiri zinali zithumwa cabe zochinjirizira thupi, munda kapena uzimba. Koma anthu poona muluwo anati, Ha! Tinali kugona pakati pa afiti.

Tisawaseke anthu aja. Anali kuika ana ao m'manda, cipatala ciri kutali, ndipo kukhumba kwao mudzi woyera kunali kwabwino. Koma tapenyani m'mene kaliroleyo anagwiridwira. Kalirole anapangidwa kuti munthu aone nkhope yace. Wa Mcape anampendeketsa kuti aone wakumbuyo. Umo ndimo mtima wathu ucitira: tsoka likagwa, diso lithamangira kwa mnansi, ndipo cimene tinayamba kuopa ndico ticiona. Akulu anati cala siciloza mwini.

Mcape anapita, maliro osaleka. Nsanje ndi udani zinatsala, pakuti sizikhala m'nyanga, ndipo palibe anazitaya pamphambano. Cifukwa cace ena anadzanso ndi lonjezo lomwelo: Bwanali ndi Mpulumutsi m'caka ca 1947, ndi Cikanga wa ku Rumphi pambuyo pao.

Nanga ife a mu Mpingo? Mwana akadwala usiku, nkhope imene ibwera m'mtima mwathu nja yani? Kodi si ya mkazi wamasiye wokhala yekha kumapeto kwa mudzi, kapena ya mbale amene tinakangana naye za malire a munda? Tikamloza, anyamata adzatenga miyala, ndipo mwazi wace udzafunsidwa kwa ife amene tinayamba kunong'ona.

Mtumwi Yakobo anafanizira Mau a Mulungu ndi kalirole, ndipo kalirole ameneyo sapendeketsedwa. Wodwala timnyamule kunka naye kucipatala, nkhalamba tiipatse nkhuni ndi ufa, ndipo tisanachule dzina la mnzathu, tiyambe tapenya nkhope yathu pamaso pa Iye wodziwa mitima.