Gulu la Oimba Limene Linatsala ndi Munthu Mmodzi

Gulu la oimba lotchedwa Pierian Sodality linayamba mu 1808 pa yunivesite ya Harvard, mumzinda wa Cambridge ku Massachusetts. Oyambitsa ake anali anyamata ochepa a pasukulupo, pakati pawo Alpheus Bigelow. Nthawi imeneyo kuimba sikunali phunziro ku Harvard, ndipo palibe aliyense wa iwo amene ankayembekezera kudzadyera nyimbo. Zoimbira zawo zinali zitoliro zambiri ndi zina zochepa zimene zapezeka. Kukada ankapita kukaimba pansi pa mawindo a atsikana ku Cambridge ndi ku Boston, kenaka n'kukathera ku zakumwa ndi fodya. Akuluakulu a sukulu anafika powadzudzula chifukwa chochezera kunja usiku wonse.

Tikudziwa zimenezi chifukwa anyamatawa, ngakhale anali okonda chisangalalo, ankalemba maminitsi. Buku lawolo ndi limene linasunga gululi mu 1832, pamene mamembala onse anatha kupatula mmodzi, Henry Gassett, woimba chitoliro. Iye ankachititsa msonkhano ali yekhayekha, kulemba zimene msonkhanowo wagwirizana, kupereka ndalama ya umembala kwa iye mwini, n'kuyeserera nyimbo zake. Wina akhoza kuseka, ndipo mwina Gassett naye ankaseka polemba. Koma pa sukulu, pamene anthu amabwera ndi kuchoka pa zaka zinayi zilizonse, gulu likangodukiza chaka chimodzi ndiye kuti lafa. Gassett atakopa mnzake wina wa chitoliro, mamembala anayambanso kuchuluka.

Chipatso chachikulu chinaonekera kunja kwa mpanda wa sukulu. Mu 1837 ena mwa amene anadutsa m'gululi anakhazikitsa Harvard Musical Association. Mmodzi wa iwo, John Sullivan Dwight, anadzatulutsa magazini ya nyimbo kuyambira 1852 mpaka 1881. Kuyambira 1865 bungweli linkakonza makonsati ku Boston motsogozedwa ndi Carl Zerrahn, ndipo linazoloweretsa anthu a mumzindawo kumvetsera nyimbo zazitali za Beethoven ndi anzake. Pamene Henry Lee Higginson ankayambitsa Boston Symphony Orchestra mu 1881, n'kumalipira oimba kuchokera m'thumba mwake, anapeza munda wolimalima kale. Nayo Harvard inafewa mtima: mu 1875 John Knowles Paine anakhala pulofesa wake woyamba wa nyimbo.

Atsikana a koleji ya Radcliffe anadzayamba kuimba limodzi ndi anyamatawo, ndipo mu 1942 gululi linakhala Harvard-Radcliffe Orchestra. James Yannatos analitsogolera zaka 45, kuyambira 1964 mpaka 2009, ndipo Federico Cortese ndiye analowa m'malo mwake. Makonsati ake amachitikira mu Sanders Theatre, ndipo mu 2011 linakaimba ku Cuba. Oimba ake ambiri mpaka lero amaphunzira zina, monga sayansi, masamu kapena mbiri, kuimbaku n'kwa madzulo.

Eni ake amakonda kunena kuti ndilo gulu la mtunduwu lakale kuposa onse ku America, popeza New York Philharmonic inayamba mu 1842. Pamenepo pali kadyera pang'ono. Anyamata a zitoliro a mu 1808 sakanatha kuimba simfone ngakhale imodzi, pomwe a ku New York anatsegula konsati yawo yoyamba ndi simfone yachisanu ya Beethoven.