Tinjira tathu ta kumudzi tili ndi mbiri yake

Anzanga, mukamapalasa njinga kupita kuchigayo kapena kumsika, munayamba mwadzifunsapo kuti kanjira kameneka anakalambula ndani? Misewu ikuluikulu ili ndi mayina, M1, M5, koma tinjira timene timapondamo tsiku ndi tsiku sitipezeka m'buku la kusukulu.

Dziko lino litalowa m'manja mwa Britain mu 1891, boma linkamanga misewu poganizira katundu wa azungu, osati ulendo wa agogo anu wopita kudimba. Njanji yochokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908. Kumene njanji sinkafika, galimoto inali mutu wa munthu. Amtengatenga ankasenza katundu masiku angapo, ndipo bwana ankagona m'machila anthu atamunyamula pamapewa. Taganizani, munthu wamiyendo yabwinobwino!

Njinga zambiri zinalowa m'midzi ndi amuna obwera ku Joni ndi ku Salisbury. Munthu akatsika ndi Humber kapena Raleigh, mudzi wonse umadziwa kuti wabwerako bwino. Koma njinga imafuna njira yosalala ndi mlatho, ndiye funso linali loti akonze ndani.

Nthawi ya Kamuzu yankho linali Sabata ya Achinyamata. Chaka chilichonse ana asukulu ndi achinyamata ankatenga makasu kukalambula misewu, kukwirira maenje ndi kuyala milatho yamitengo. Afunseni akuluakulu, akuuzani kuti njira zinkaoneka bwino. Koma akuuzaninso kuti kukana kunalibe. N'chifukwa chake matipate ambiri atabwera mu 1994, anthu ambiri anayamba kunena kuti ntchito yaulere yotere ndi thangata, lija ankagwira makolo athu m'minda ya atsamunda. Ine ndimawamvetsa, ngakhale kuti makasu atasiyidwa, udzu ndi zigwembe sizinadikire.

Kenako kunabwera MASAF, ndi ndalama za Banki Yaikulu Padziko Lonse. Anthu ankalambula msewu n'kulandira kangachepe. Zinathandiza ndithu, kungoti zinatizoloweza kuti msewu timaukonza pokhapokha kalembera akachitika.

Lero njinga si yodzionetsera ayi, ndi ofesi ya wakabaza, ndi imene imanyamula matumba a chimanga, makala, ngakhale mayi woyembekezera usiku. Namondwe Freddy atakokolola milatho kummwera mu Malichi 2023, tonse tinaona zithunzi za misewu ya tala itaduka. Timilatho tamitengo ta m'midzi sitinajambulidwe kwenikweni, chonsecho ndi pomwe mwana wa Sitandade 1 amawolokera popita kusukulu.

Tinjira totere sitili m'manja mwa Roads Authority. Nkhani yake imayambira kwa amfumu ndi ku VDC, kenako ADC, n'kukafika ku khonsolo. Mukamva kuti VDC ikukumana, pitaniko mvula isanayambe, mutatchula kale mlatho umene mukuufuna ndi mtsinje wake.