Mbiri ya Ululu wa M'kamwa ndi Kumaso

Lero tisiya za mizere ndi thonje, tikambe za cinthu cimene cimagoneka mlimi m'nyumba mvula irikugwa, ndico dzino lowawa.

M'mwezi wa April 1859 Dr. David Livingstone anafika ku nyanja yathu ya Chilwa. M'midzi ya Amang'anja anaona akazi obvala pelele. Mtsikana anali kumboola mlomo wam'mwamba akali wamng'ono, ndipo bowolo analikuza pang'onopang'ono kufikira litalandira mphete ya nsungwi kapena ya mnyanga wa njobvu. Ena anali kusema mano, ena kutema mphini kumaso. Zonsezi makolo athu anapirira popanda mankhwala oletsa ululu, cikhalireco milomo ndi mano ndi malo amene amamva kuwawa kwambiri.

Cifukwa cace nciani? Mbali iri yonse ya nkhope iri ndi mtsempha waukuru wakumva, umene madotolo amaucha trigeminal. Uli ndi nthambi zitatu: ya kumphumi ndi diso, ya kutsaya ndi mano am'mwamba, ndi ya kucibwano ndi mano am'munsi. Nthambizi zimakomana pakulowa mu ubongo, monga timitsinje tothira mu Phalombe, kotero kuti ubongo sudziwa bwino kumene uthenga wacokera. Ndico cifukwa cace dzino lam'munsi likabvunda munthu amamva kupweteka m'khutu, ndipo nthawi zina amaloza dzino losalakwa. M'caka ca 1937 Dr. Wilder Penfield wa ku Montreal anaonetsa kuti milomo ndi lilime ziri ndi dera lalikuru mu ubongo koposa msana wonse. Inu oweta mukudziwa kale: ng'ombe yamphamvu imatsata kamnyamata kogwira cingwe ca m'mphuno. Mtsempha wace ndi womwewo.

Popeza dzino limawawa cotere, ozula mano ndiwo anatsogola kufuna njira yakuletsa ululu. M'caka ca 1844 Horace Wells wa ku Hartford, m'dziko la America, anapuma mpweya wa nitrous oxide, nazulitsa dzino lace lomwe osamva kuwawa. M'caka ca 1846 mnzace William Morton anagoneka wodwala ndi ether pamaso pa madotolo ku Boston, ndipo kucokera pamenepo anthu anayamba kucitidwa opareshoni ali mtulo. M'caka ca 1884 Dr. William Halsted wa ku New York anabaya mankhwala pafupi ndi nthambi ya kucibwano ija, ndipo cibwano cinacita dzanzi mwini wace ali maso. Jekeseni wa lidocaine, amene amakubayani lero asanazule dzino, anapezeka ku Sweden m'caka ca 1943. Kuno kwathu maphunziro a udotolo wa mano anayamba ku College of Medicine m'caka ca 2019.

Tsopano mvetsani ici. Ululu ndi mlonda wa thupi. Dzino lobooka likawawa masiku ambiri ndi kuleka lokha, musamati lapola. Kawirikawiri kamtsempha ka m'kati mwace kafa, mlonda wagona, koma mafinya alikusonkhana kumuzu. Tsaya likatupa, makamaka kutupako kukatsikira kukhosi kapena kukwera kudiso, pitani kucipatala tsiku lomwelo, pakuti kutupa kotere kumapha. Bala la m'kamwa losapola masabata 3 kalionetseninso kwa dotolo. Musazule dzino ndi pulayala kumudzi. Makolo athu anapirira cifukwa panalibe njira yina; ife njira tiri nayo, ndipo ulendo wa tsiku limodzi uposa kugona mwezi wathunthu munda ulikumera thengo.

Tsalani bwino.