Joe Louis: Ngwazi Imene Inasowa Wolimbana Nayo

M'masewera onse amene anthu awiri amayesana mphamvu kapena nzeru, chimene chimasonkhanitsa oonerera ndicho kusadziwa amene ati apambane. Ngakhale pa bawo, ngati pamudzi pali munthu mmodzi amene amadya anzake onse tsiku ndi tsiku, poyamba anthu amamtama, koma m'kupita kwa nthawi amaleka kuzinga bawolo pakuti mathero ake amakhala atawadziwa kale. Zotere zaoneka kawirikawiri m'mbiri ya nkhonya za amuna olemera thupi, ndipo munthu amene moyo wake utiphunzitsa bwino za ichi ndiye Joe Louis wa ku America, amene anasunga ungwazi wa dziko lonse lapansi kuyambira 1937 kufikira 1949.

Chiyambi chake

Joe Louis anabadwa pa 13 May, 1914, m'dera la Alabama, kwa makolo osauka olima thonje. Mu 1926 banja lawo linasamukira ku mzinda wa Detroit, ndipo kumeneko mnyamatayo anaphunzira nkhonya. Anayamba kumenya nkhonya zolandira ndalama mu 1934, mphunzitsi wake ali Jack Blackburn.

Masiku amenewo munthu wakuda sanali kuloledwa kupikisana pa ungwazi wa olemera thupi. Jack Johnson, wakuda woyamba kutenga ungwaziwo, anausunga kuyambira 1908 mpaka 1915, ndipo Azungu ambiri a ku America anamuda kwambiri chifukwa anali kuwaseka amene wawagonjetsa ndi kuchita zofuna mtima wake mosaopa munthu. Atagwa iye, khomo linatsekedwa kwa zaka 22. Chifukwa chake osamala za Louis anamlangiza kuti azikhala wofatsa pamaso pa anthu, ndi kuti asamanyodole munthu amene wamgwetsa. Louis anasunga malangizowa moyo wake wonse wa m'bwalo.

Kamenyedwe kake kanali kopanda zokometsera. Sanali kudumphadumpha ayi. Anali kusendera pang'onopang'ono, kumgogoda mnzake ndi dzanja lamanzere kufikira atapeza mpata, ndipo pamenepo anali kuponya nkhonya zazifupi zolemera zimene anthu owerengeka okha anatha kuzipirira. Mu 1935 anagonjetsa Primo Carnera ndi Max Baer, onse awiri amene anakhalapo ngwazi, ndipo anthu anayamba kunena kuti mnyamatayu sangagwe.

Mdani womuyenera

Koma ku Germany kunali munthu wina, dzina lake Max Schmeling, amene nayenso anakhalapo ngwazi. Iyeyu anapenyetsetsa zithunzi za kanema za nkhonya za Louis, naona kuti akaponya dzanja lamanzere amalitsitsa pang'ono polibweza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa 19 June, 1936, ku Yankee Stadium mu New York, Schmeling analowetsa dzanja lamanja pa mpata umenewo mobwerezabwereza, namgwetsa Louis kotheratu m'chigawo cha 12. Tikumbutse owerenga kuti nkhonya amazigawa m'zigawo za mphindi zitatuzitatu, ndipo nkhonya za ungwazi masiku aja kawirikawiri zinali ndi zigawo 15.

Chaka chotsatira, pa 22 June, 1937, Louis anagonjetsa James Braddock ku Chicago m'chigawo cha 8, natenga ungwazi. Komabe mtima wake sunakhale pansi pakuti amene anamgwetsa anali chiyendere. Anakomananso pa 22 June, 1938, pa bwalo lomwe lija, pamaso pa anthu ngati 70,000, ndipo miyandamiyanda ina inamvera pa wailesi m'maiko ambiri. Boma la Hitler linali litamsandutsa Schmeling chizindikiro cha chiphunzitso chake chakuti mtundu wawo uposa mitundu yonse, ngakhale mwini wakeyo sanalowe chipani cha Nazi. Motero usiku umenewo Aamerica akuda ndi oyera omwe anali pambuyo pa munthu wakuda, chinthu chimene sichinali kuchitika kale. Nkhonyayo inatha pa mphindi ziwiri ndi masekondi anayi, Schmeling atagwa katatu.

Tizindikire ichi: nkhonya imeneyi inali yaifupi koposa zambiri za Louis, koma palibe anadandaula kuti ndalama yake yapita pachabe. Anthu anabwera ndi mitima iwiri chifukwa anadziwa kuti Schmeling anamgwetsapo kale. Chokoma cha nkhonya chagona pa mantha amene amakhalapo belu lisanalire.

Mwezi uliwonse munthu wake

Atachotsedwa Schmeling, panalibenso wina amene anthu anamuyesa wofanana ndi Louis. Mu 1939 John Henry Lewis ndi Jack Roper anagwa m'chigawo choyamba. Mu 1940 Johnny Paychek anagwa m'chigawo chachiwiri. Tsono kuyambira December, 1940, kufikira June, 1941, Louis anateteza ungwazi wake kasanu ndi kawiri, mwezi uliwonse kamodzi: Al McCoy, Red Burman, Gus Dorazio, Abe Simon, Tony Musto, Buddy Baer ndi Billy Conn. Olemba nyuzipepala anatopa nazo, ndipo anawapatsa anthuwa dzina lachipongwe lakuti Bum of the Month Club, ndiko kunena kuti gulu la anthu achabechabe obwera mmodzi mwezi uliwonse.

Kodi dzinali linali loona? Tikapenda bwino tipeza kuti linali loona pang'ono chabe. Ambiri a anthuwa anali m'gulu la opambana a nthawi yawo, ndipo ena anamvutitsa Louis ndithu. Tommy Farr wa ku Wales anatha naye zigawo zonse 15 mu 1937. Tony Galento, munthu wamfupi wonenepa amene anthu anali kumseka, anamgwetsa Louis pansi m'chigawo chachitatu mu 1939 asanagonje m'chachinayi. Arturo Godoy wa ku Chile anatha naye zigawo 15 mu February, 1940, ndipo mmodzi wa oweruza atatu anati wapambana ndi Godoy. Abe Simon anafika chigawo cha 13. Buddy Baer anamponya Louis kunja kwa zingwe m'chigawo choyamba. Anthu achabechabe sachita zotere. Choona nchakuti Louis anatalika kwambiri kotero kuti onse oimirira pafupi naye anaoneka aafupi.

Pali chinanso. Ngwazi zina zisanafike nthawi ya Louis zinali kubisa ungwazi wawo monga munthu abisa mbewu m'chaka cha njala. Jack Dempsey anakhala zaka zitatu, kuyambira 1923 kufikira 1926, wosauteteza ngakhale kamodzi. Braddock anakhala zaka ziwiri. Louis anapatsa mpata aliyense woufuna, ndipo chifukwa cha kumenya kawirikawiri anatha msanga onse oyenera, natsala ndi otsalira. Chimene anthu anamdzudzula nacho chinabadwa mwa khalidwe lake labwino lomwe.

Usiku wa Billy Conn

Wotsiriza wa asanu ndi awiri aja ndiye anabwezera anthu chimene anachisowa. Billy Conn anali ngwazi ya gulu lopepukirapo, ndipo Louis anamposa kulemera ndi mapaundi oposa 20. Pa 18 June, 1941, ku Polo Grounds mu New York, Conn anagwiritsa ntchito liwiro la miyendo ndi manja, kulowa ndi kutuluka Louis asanakonzeke. Zitatha zigawo 12, oweruza awiri mwa atatu anali atamuika Conn patsogolo. Akadangopitiriza kuzemba kwa zigawo zitatu zotsalazo, ungwazi ukadakhala wake. Koma mtima unamkwera, nafuna kumgwetsa Louis kotheratu, ndipo anaima pafupi kusinthana naye nkhonya. M'chigawo cha 13 anagwa osadzukanso pa nthawi yake. Mwa nkhonya zonse za Louis zoteteza ungwazi, kupatula ya Schmeling, iyi ndiyo imene anthu aikumbukira koposa, ndipo ndiyo imene anatsala pang'ono kuitaya.

Pambuyo pake nkhondo yaikulu yachiwiri inafika kwa Aamerica. Mu 1942 Louis anamenyanso Buddy Baer ndi Abe Simon, napereka malipiro ake ku thumba lothandiza asilikali ndi mabanja awo, ndipo iye mwini analowa usilikali mpaka 1945. Zaka zonsezi anthu anali kuyembekeza kuti iye ndi Conn adzakomanenso. Anakomanadi mu June, 1946, ndipo mipando ya pafupi ndi zingwe inagulidwa madola 100 umodzi. Koma Conn anali atatha liwiro, nangothawathawa kufikira anagwa m'chigawo cha 8, ndipo anthu anabwerera kwawo okhumudwa.

Mu December, 1947, Jersey Joe Walcott anamgwetsa Louis kawiri, ndipo pamene oweruza anapatsa Louis chipambano khamu linakuwa mokana. Louis anamgonjetsa bwino mu June, 1948, ndipo pa 1 March, 1949, anatula ungwazi atauteteza ka 25 m'zaka 11 ndi miyezi 8. Ngongole ya msonkho wa boma inamkakamiza kubwerera m'bwalo, koma tsabola wakale sawawa: Ezzard Charles anamgonjetsa mu 1950, ndipo Rocky Marciano anamgwetsa mu 1951. Anamwalira pa 12 April, 1981.

Ena amene anayenda njira yomweyi

Chimene chinamgwera Louis chinagweranso ena pambuyo pake. Larry Holmes anateteza ungwazi ka 20 pakati pa 1978 ndi 1985, koma ulemu womuyenera anaulandira mochedwa, pakuti anadza pambuyo pa Muhammad Ali. Ali anali ndi mwayi wakuti anabadwira nthawi imodzi ndi anthu otha kumgonjetsa. Joe Frazier anamgonjetsa mu 1971, Ken Norton anamthyola chibwano mu 1973, ndipo pamene anakomana ndi George Foreman ku Kinshasa pa 30 October, 1974, ambiri anayesa kuti Ali apwetekedwa. Anapambana m'chigawo cha 8. Dzina la Ali linakula chifukwa cha anthu amenewa.

Wladimir Klitschko wa ku Ukraine anasunga ungwazi kuyambira 2006 mpaka 2015, nauteteza ka 18 motsatizana. Anali wamtali, wochenjera, wosalola kukhudzidwa. Munthu yekhayo amene anthu anamuyesa wofanana naye anali mkulu wake Vitali, amenenso anali ndi lamba wake, koma awiriwa analonjeza amayi awo kuti sadzamenyana. Ku Germany mabwalo anali kudzaza, koma ku America ambiri anati nkhonya za olemera thupi zazilala. Tyson Fury anamlanda ungwazi mu November, 2015. Mu April, 2017, ali ndi zaka 41, Klitschko anakomana ndi Anthony Joshua ku Wembley mu London pamaso pa anthu 90,000. Onse awiri anagwa pansi nadzukanso, ndipo Klitschko anagonja m'chigawo cha 11. Ambiri amene anamnyoza zaka zonse za kupambana kwake anamlemekeza usiku umene anagonja.

Tiweruze bwanji?

Oonerera sali olakwa pofuna nkhonya yokayikitsa, pakuti ndiyo imene amalipirira ndalama zawo. Koma alakwa pamene asandutsa kutopa kwawo kukhala mlandu wa ngwazi, kapena pamene atcha achabechabe amuna amene analimba mtima kukwera m'bwalo ndi munthu woopsa chotere. Munthu sasankha chaka chobadwa, ndipo sangadziumbire mdani. Chimene tingamfunse ndi ichi chokha: kodi anakomana ndi onse amene analipo, kapena anazemba ena? Pa funso limeneli Joe Louis ayankha bwino koposa ngwazi zambiri. Anamenya amphamvu ndi ofooka omwe, anapatsa mpata wachiwiri amene anamvutitsa, Godoy, Simon, Baer, Conn ndi Walcott, ndipo onsewa anawagonjetsa msanga koposa poyamba. Mpaka lero palibe wolemera thupi wina amene wateteza ungwazi ka 25 motsatizana monga anachitira iye.