Tsankho la khungu, kunyadira mtundu ndi kupanga magulu: kodi muyeso ndi umodzi kwa onse?

Pali funso limene limamveka kawiri-kawiri ku America, ku Britain ndi ku South Africa, ndipo acinyamata athu amakumana nalo pa Facebook. Funsolo ndi ili: n'cifukwa ciani munthu wakuda akanena kuti amanyadira khungu lake anthu amamuombera m'manja, koma mzungu akanena zomwezo amamucha watsankho? N'cifukwa ciani anthu akuda amaloledwa kukhala ndi mabungwe awo-awo, pamene bungwe la azungu okha limaonedwa ngati loopsa? Ofunsawo amati pali miyeso iwiri.

Ena amafunsa ndi mtima woona, ena amafunsa pofuna kubisa cidani. Ife tiona kuti funsoli liyenera kuyankhidwa, ndipo yankho lake likupezeka m'mbiri, kuphatikizapo mbiri ya dziko lathu lino.

Mau atatu oyenera kuwasiyanitsa

Tsankho la khungu ndi ganizo lakuti anthu a khungu lina ndi apamwamba mwacibadwa kuposa ena, pamodzi ndi macitidwe kapena malamulo omana anthu malo, nchito, sukulu kapena voti cifukwa ca khungu lawo.

Kunyadira mtundu ndi kukonda cinenero, miyambo ndi mbiri ya makolo ako. Mcewa akapita ku Kulamba ku Mkaika, Mngoni ku Nc'wala ku Mtenguleni, kapena Mlozi ku Kuomboka, sanyoza munthu aliyense. N'cimodzimodzi ndi Mskoti wovala zovala za kwawo kapena munthu wa ku Ireland wokondwerera tsiku la Patrick Woyera pa 17 Malichi. Onsewo ndi azungu, ndipo palibe amene amawacha atsankho.

Kupanga magulu ndi kugwirizana kwa anthu amene ali ndi vuto limodzi kuti mau awo amveke. Paja cala cimodzi siciswa nsabwe. Gulu lingakhale la alimi, la amai, la olemala kapena la anthu a khungu limodzi. Cimene tiyenera kufunsa ndi cimene gululo likufuna, amene likuwatsekera kunja, ndi mphamvu imene lili nayo pa ena.

Mabungwe awiri a Kumigodi

Citsanzo comveka bwino cili kwathu konkuno. Pa nthawi ya atsamunda, migodi ya mkuwa ya Northern Rhodesia inali ndi mabungwe awiri a anchito, lina la azungu, lina la anthu akuda. Poyang'ana maina okha, munthu anganene kuti onse anali ofanana, popeza lililonse linali la khungu limodzi.

Bungwe la azungu linayamba mu 1936. Pa nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, mkuwa ukufunika kwambiri, bungweli linakakamiza makampani kuvomera kuti nchito za luso ndi za malipiro apamwamba zikhale za mamembala ake. Munthu wakuda, ngakhale atadziwa nchitoyo bwanji, njira yokwera inali yotseka.

Anchito akuda analibe bungwe lowalankhulira. Atanyanyala nchito mu 1935, apolisi anaombera ndi kupha anthu 6 ku Luanshya. Mu 1940 azungu ananyanyala ndipo anawonjezeredwa malipiro. Akuda atacita cimodzimodzi, asilikali anawaombera ku Nkana ndipo anthu 17 anafa. Bungwe lawo linadzakhazikitsidwa mu 1949, motsogoleredwa ndi a Lawrence Katilungu. Mu 1952 linanyanyala nchito kwa masabata atatu mwabata n'kupambana pa nkhani ya malipiro, ndipo mu 1955 nchito zina zimene zinali za azungu okha zinatsegulidwa kwa akuda.

Conco bungwe loyamba linalipo kuti liteteze mwai umene ena anamanidwa, pamene laciwiri linalipo kuti mwaiwo ufike kwa onse. Akuda sanapange bungwe lawo cifukwa codana ndi azungu. Analipanga cifukwa la azungulo silinali kuwalandira.

Zinali conco ndi pa ndale. Cipani ca Congress, cimene cinayamba mu 1948 n'kudzatsogoleredwa ndi a Harry Nkumbula kuyambira 1951, cinalimbikitsa anthu kuleka kugula m'mabuchala amene anali kugulitsa nyama kwa akuda kudzera pa kawindo kam'mbali, azungu akulowera pakhomo. Cimene anali kufuna ndi cakuti onse azilowera khomo limodzi. Ndipo azungu amene anagwirizana ndi colingaci analandiridwa. A Simon Zukas anathamangitsidwa m'dziko mu 1952 cifukwa cotsutsa Federeshoni, ndipo a Stewart Gore-Browne a ku Shiwa Ng'andu analowa UNIP n'kuikidwa m'manda mwaulemu wa boma mu 1967.

South Africa: Broederbond ndi SASO

Ku South Africa nkhaniyi inafika poipa kwambiri. Mu 1918 kunayamba gulu la Afrikaner Broederbond, la amuna acibunu okha, limene pambuyo pake linakhala lacinsinsi. Mabunu anali ndi madandaulo enieni: akazi ndi ana awo ambiri anafera m'misasa ya Angelezi pa nkhondo ya 1899 mpaka 1902, ndipo ambiri anali osauka. Kukonda cinenero cawo sikunali kolakwa. Colakwika cinali cimene anacita ndi mphamvu ataipeza. Cipani ca National Party citapambana mu 1948, cinakhazikitsa apartheid. Mu 1950 lamulo lina linalemba munthu aliyense m'gulu la khungu lake, lina linagawa malo okhala potengera khungu. Malamulo a malo a 1913 ndi 1936 anali atasiyira kale anthu akuda, amene anali oculuka, gawo la dziko la pafupi-fupi 13 peresenti.

Mu 1969 ophunzira akuda anakhazikitsa bungwe la SASO, ndipo mtsogoleri wake woyamba anali Steve Biko. Iwo anacoka m'bungwe la NUSAS, limene linali la mitundu yonse koma lotsogoleredwa ndi ophunzira acizungu. Nthawi yomweyo anawaneneza kuti ayambitsa tsankho lobwezera, ndipo ena mwa oneneza anali azungu otsutsa apartheid. Yankho la Biko linali lakuti munthu amene wauzidwa kuyambira ubwana kuti ndi wacabecabe ayenera coyamba kudziona ngati munthu, ndi kuphunzira kudzilankhulira, asanakhale pa tebulo limodzi ndi ena monga wofanana nawo. M'gulu lawo mau akuti "wakuda" anali kuphatikiza Amwenye ndi Makaladi, kutanthauza onse amene lamulo linawapondereza. Biko anafera m'manja mwa apolisi pa 12 Seputembala 1977.

Cipani ca ANC cinatsata njira ina. Cinayamba mu 1912 monga ca anthu akuda, koma mu 1969 ku Morogoro, m'dziko la Tanzania, cinayamba kulandira mamembala a mitundu ina, ndipo pa msonkhano wa ku Kabwe mu Juni 1985 cinawalola kulowa m'komiti yake yaikulu. Likulu lake pa nthawiyo linali mu Lusaka.

Mipingo siinali kunja kwa nkhaniyi. Sinodi ya Dutch Reformed Church ya 1857 inalola mapemphero osiyana a azungu ndi a anthu ena, ndipo pambuyo pake mpingowo unateteza apartheid ndi Malemba. Mu 1982 ku Ottawa, bungwe la mipingo ya Reformed ya dziko lonse linagamula kuti apartheid ndi chimo ndipo kuiteteza ndi Malemba ndi ciphunzitso conyenga. Civomerezo ca Belhar, cimene cinalembedwa caka comweco n'kuvomerezedwa mu 1986, cinacokera ku mpingo wa Makaladi umene tsankho lomwelo linaupanga. M'busa Beyers Naudé, amene anali membala wa Broederbond, anacokamo mu 1963 ndipo anataya udindo wake mu mpingo. Mbiri imeneyi itikhudza, cifukwa amishoni amene anafika ku Magwero pafupi ndi Chipata mu 1899 anacokera ku Dutch Reformed Church ya ku Orange Free State.

Ku America

Ku America, kumene funsoli limamveka kwambiri, pali cifukwa cina. Mzungu wa kumeneko nthawi zambiri amadziwa ngati makolo ake anacokera ku Italy, ku Poland kapena ku Germany, ndipo amanyadira zimenezo momasuka. Zidzukulu za akapolo zinalandidwa maina, zinenero ndi mbiri ya kumene zinacokera. Cimene cinawagwirizanitsa ndi ukapolo, umene unathetsedwa mu 1865, ndi malamulo a tsankho amene anakhalapo mpaka 1964 ndi 1965. Motero kwa iwo "wakuda" ndi dzina la anthu a mbiri imodzi, monga mmene ife timanenera kuti Mtumbuka kapena Mnsenga.

Mau akuti kunyadira uzungu ali ndi mbiri ina. Amene awagwiritsa nchito kwambiri ndi magulu onga Ku Klux Klan, limene linayamba ku Tennessee nkhondo ya paciweniweni itangotha, ndipo linali kuopseza ndi kupha akuda ofuna kuvota. Bungwe la NAACP, lomenyera ufulu wa akuda, linayambitsidwa mu 1909 ndi akuda ndi azungu pamodzi, ndipo mpaka lero limalandira aliyense. Anthu akamaopa mau ena ndi kulandira ena, kweni-kweni amakumbukira zimene zinacitidwa m'dzina la mauwo.

Pamene odandaulawo ali ndi mfundo

Komabe tinganame titanena kuti munthu wakuda sangakhale watsankho. Mphamvu imasintha manja. Mu 1972 Idi Amin anapatsa Amwenye a ku Uganda masiku 90 kuti acoke m'dziko, kuphatikizapo ambiri obadwira komweko. Limenelo linali tsankho, ngakhale linacitidwa m'dzina la anthu amene anaponderezedwapo.

South Africa ya lero yayesa kugwiritsa nchito muyeso umodzi. Mu 2008 bungwe loona za ufulu wa anthu la kumeneko linatsutsa gulu la atolankhani akuda limene linakaniza atolankhani acizungu kulowa pa msonkhano wake. Mu 2019 bungwe loyendetsa masankho linafafaniza cipani ca Black First Land First m'kaundula cifukwa malamulo ake anali kukana azungu kukhala mamembala. Pa nthawi imodzimodziyo, bungwe la AfriForum, lolankhulira maka-maka Mabunu, limagwira nchito poyera ndipo limapita kumakhoti. Anthu amatsutsana kwambiri pa zimene limanena, koma lamulo silinaliletse.

Palinso mkangano woona pa malamulo okweza anthu amene anaponderezedwa, monga la za kulemba nchito la 1998 ndi la za cuma la 2003. Ocirikiza amati bala la zaka mazana silipola m'zaka 30. Otsutsa amati mwana wobadwa pambuyo pa 1994 sayenera kulipira mlandu wa agogo ake, ndiponso kuti phindu lapita kwa ocepa amene ali pafupi ndi olamulira. Anthu a maganizo abwino ali mbali zonse ziwiri, ndipo sikoyenera kucha aliyense wofunsa za malamulowa kuti ndi watsankho.

Lamulo la kwathu

Malamulo oyendetsera dziko la Zambia, monga anakonzedwera mu 2016, pa gawo 60 amaletsa cipani ca ndale kukhazikitsidwa potengera cipembedzo, cinenero, khungu, mtundu kapena cigawo. Gawo 70 la malamulo a milandu limaletsa kulankhula mau osonyeza cidani kapena kunyoza anthu cifukwa ca khungu, mtundu kapena kumene anacokera. Malamulowa sasankha kuti wolakwayo ndi wa khungu liti. Dziko lino linakhalapo ndi mtsogoleri wogwirizira wacizungu, a Guy Scott, kuyambira pamene a Michael Sata anamwalira mu Okutobala 2014 mpaka Januwale 2015.

Kuno anthu akuda ndife oculuka ndipo boma lili m'manja mwathu. Conco funsoli likatembenukira kwa ife, limakhudza mmene timakambira za Amwenye a m'masitolo, za Machaina, za othawa nkhondo, ndipo koposa zonse za mitundu ina ya Azambia pa nthawi ya masankho. Gulu la anthu a kwathu lothandizana pa maliro ndi pa sukulu za ana ndi labwino. Gulu lomwelo likayamba kugawa nchito za boma kapena maudindo a mu mpingo kwa a kwawo okha, layamba kucita zimene bungwe la azungu linacita Kumigodi.

Mafunso anai oyesera gulu lililonse

Coyamba, kodi gululi likufuna ufulu umene ena ali nawo kale, kapena likufuna kuti ena asaupeze? Caciwiri, kodi limanyadira za kwawo popanda kunyoza ena? Cacitatu, kodi munthu wa khungu kapena mtundu wina wogwirizana ndi colinga cake angalowemo, ndipo ngati sangalowe, cifukwa cake n'ciani ndipo cidzatha liti? Cacinai, kodi gululi lili ndi mphamvu yotani pa nchito, malo ndi citetezo ca amene ali kunja kwake?

Buku la Macitidwe, mutu 6, limasimba za okhulupirira olankhula Cigiriki amene anadandaula monga gulu kuti amasiye awo anali kuiwalidwa pogawa cakudya. Atumwi sanawadzudzule kuti akugawa mpingo. Anasankhitsa amuna 7 oyang'anira nchitoyo, ndipo onse anali ndi maina Acigiriki. Dandaulo linamveka, ndipo mpingo unakhalabe umodzi.

Tipempha akulu a mipingo, atsogoleri a amai ndi a acinyamata kuti akambirane mafunso anaiwa m'magulu awo, ndipo ayambe ndi kuyesa magulu amene ife eni tilimo.