Mtsinje wa Nahanni ndi Eni Ace

Kumpoto kwa dziko la Canada kuli mtsinje wochedwa South Nahanni, wautali woposa mailosi 300, umene utsira m'mtsinje wa Liard. Mseu wolowa m'zigwa zace palibe. Alendo ofuna kuweza nsomba ndi kutsika ndi madzi m'mabwato a mpira afika ndi ndege zotera pamadzi.

Eni ace a mtsinjewu ndiwo a Dene. M'nyengo ya cisanu iwo anali kusaka nyama kumapiri. Madzi oundana atasungunuka, anasoka pamodzi zikopa za moose, nyama yolingana ndi nchefu, nazikuta pa mitengo, napanga bwato lalikuru lonyamula banja lonse, agaru ndi nyama youma. Pofika kumunsi anaphwasula bwatolo, nasunga zikopa. Luso lotere sililembedwa kawiri-kawiri m'mabuku a sukulu.

Cimene cinabukitsa Nahanni ndico golidi. Abale awiri, Willie ndi Frank McLeod, analowa kukamfuna osabwereranso. M'caka ca 1908 mafupa ao anapezeka, ndipo anthu anasimba kuti analibe mitu. Cigwaco cichedwa Deadmen Valley kufikira lero. Albert Faille anakalamba alikupalasa mtsinjewo caka ndi caka, koma cuma sanacione.

Pakati pa mtsinje pali mathithi a msinkhu wa mapazi ngati 300, kawiri kuposa a Niagara. M'caka ca 1928 Fenley Hunter wa ku America anawacha Virginia, dzina la mwana wace. Aphunzitsi anzanga, kodi si momwemo anacitira Livingstone m'caka ca 1855 ndi Mosi-oa-Tunya? A Dene anali nalo kale dzina lao, Náįlįcho, ndilo kunena madzi akuru akugwa. Ine ndiyesa kuti tilakwira ana pamene tiwauza kuti mlendo "anatulukira" malo pamene anthu anatunga madzi mibadwo-mibadwo.

Pambuyo pace anthu ena anafuna kuchinga madzi pa mathithiwo kuti apange magetsi, monga kunacitika pa Kariba. Nduna Yaikuru Pierre Trudeau anakaona mtsinje m'caka ca 1970, ndipo m'caka ca 1972 boma linapatula dzikolo kuti lisungidwe, dziwe silinamangidwe. Bungwe la UNESCO linaika Nahanni pakati pa malo oyamba a cuma ca dziko lonse lapansi m'caka ca 1978. Pamene malire ace anakuzidwa m'caka ca 2009, a Dene a cigawo ca Dehcho anakhala nao pa upo, ndipo alikuyang'anira malowo pamodzi ndi boma.