Mayina ena a ku Chirunga

Anzanga aphunzitsi, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga nkumawerengabe tsamba lino, lero ndati tikambeko za Chanco. Tikafuna kulimbikitsa ana a Fomu 4 timakonda kuwatchulira mayina akuluakulu. Timati a Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa dziko lino kuyambira 2020 mpaka 2025, anatenga digiri yawo yoyamba pa Yunivesite ya Malawi mu 1977. Timati malemu a Saulos Chilima anamaliza pa Chancellor College mu 1994, ndipo patapita zaka 20 anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Zonsezi nzoona. Koma mndandanda wotere umauza mwana kuti yunivesite ndi makwerero okafikira pa mpando basi. Pali anthu ena amene anaphunzitsa ndi kuphunzira pakolejipo, amene ine ndimaona kuti ndiwo anaipatsa ulemu umene ili nawo, ndipo ambiri mwa iwo malipiro awo anali ndende kapena kuthawa kwawo.

Tiyambe ndi pamene zinayambira. Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1964, miyezi yochepa dziko litalandira ufulu, ndipo maphunziro anayamba mu September 1965 ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre ndi ophunzira 90 okha. Woyendetsa ntchito zake woyamba anali Mngelezi, Dr Ian Michael, koma Chancellor anali Kamuzu mwini. Chancellor College inasamukira ku Zomba, pa Chirunga, mu 1973. Kumbukirani kuti 1964 yomweyo ndi chaka chimene nduna zinayambana ndi Kamuzu, a Chipembere, a Chiume, a Orton Chirwa ndi anzawo. Ndiye kuti yunivesite inabadwa nthawi imene boma linayamba kuopa munthu wophunzira amene amafunsa mafunso. A David Rubadiri, mlakatuli amene anali kazembe wathu woyamba ku America ndi ku United Nations, anatula pansi udindo mu 1965 nkukaphunzitsa ku Makerere, kenako ku Nairobi ndi ku Botswana. Munthu amene akanaphunzitsa ana athu oyambirira anakaphunzitsa ana a eni.

Mu 1970 ophunzira ndi aphunzitsi angapo anayambitsa Writers Group. Ankakumana sabata ndi sabata, wina nkubweretsa ndakatulo kapena nkhani yake, anzake nkuisenda ngati chinangwa. M'gululi munadutsa a Jack Mapanje, a Lupenga Mphande, a Frank Chipasula, a Steve Chimombo, a Anthony Nazombe ndi ena ambiri. Nthawi imeneyo bungwe lounika mabuku ndi mafilimu, Censorship Board, linali litakhazikitsidwa kale mu 1968, ndipo akazitape sankasowa ngakhale m'kalasi. Nanga munthu unene bwanji zimene zili kukhosi? Anabwerera ku nzeru za agogo. Analemba za Napolo, za nanzikambe, za dzenje la Chingwe pa phiri la Zomba, ndipo wowerenga wa kuno ankadziwa kuti akunena chiyani pamene wounika uja ankaganiza kuti ndi nthano chabe. Ife aphunzitsi a Chichewa timaphunzitsa zining'a ndi mikuluwiko ngati zinthu zongolembera mayeso. Kwa anyamata amenewa chining'a chinali chishango.

Chishangocho sichinateteze onse. A Landeg White, mphunzitsi wa ku Britain amene pambuyo pake analemba buku la mbiri ya mudzi wa Magomero, anapitikitsidwa m'dziko muno mu 1972. A Felix Mnthali, mphunzitsi wa Chingerezi komanso mlakatuli, anatsekeredwa mu 1976, nthawi imene anthu ophunzira ambiri, makamaka ochokera kumpoto, ankangotoledwa popanda mlandu. Atatuluka anadzapita kukaphunzitsa ku Botswana. A Chipasula anachoka mu 1976 yomweyo, kudzera ku Zambia mpaka ku America. Mu 1983 ophunzira angapo anamangidwa, ndipo m'modzi mwa iwo anali a Edge Kanyongolo, amene atatuluka anamaliza maphunziro nkudzaphunzitsa malamulo pakoleji pomwepo kwa zaka zambiri. Maloya ambiri amene mumawamva pa wailesi anaphunzira za malamulo a dziko kwa munthu amene anagonapo ku Mikuyu osaonekera m'khoti.

Nkhani imene ndimafuna mwana aliyense aidziwe ndi ya a Mapanje. Anabadwa mu 1944 m'boma la Mangochi, anaphunzira pa yunivesite yathuyi, nkukatenga digiri ya udokotala wa zilankhulo ku London. Buku lawo la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, linasindikizidwa ndi Heinemann mu 1981, ndipo cha mu 1985 linachotsedwa m'masitolo a mabuku ndi m'malaibulale mwakachetechete. Pa 25 September 1987, ali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi, apolisi anawagwira ku Gymkhana Club mu Zomba momwemo nkukawatsekera ku Mikuyu, mtunda wosatalika kwenikweni kuchokera pa kalasi imene ankaphunzitsa. Anakhalako zaka 3 ndi miyezi 7, osauzidwa mlandu, osaweruzidwa. Chimene chinawapulumutsa ndi chakuti anzawo sanakhale chete. Wansembe wa ku Ireland, Bambo Patrick O'Malley, anathandiza kuti uthenga utuluke kunja msanga, ndipo olemba mabuku a m'mayiko ambiri anakuwa. Mu 1988 a Mapanje anapatsidwa mphoto ya ndakatulo ku Rotterdam, ndipo amene anakawalandirira ndi a Wole Soyinka. Anatulutsidwa mu May 1991 nkupita ku England ndi banja lawo. Za m'ndendemo anazilemba m'buku la And Crocodiles Are Hungry at Night la 2011. Ngati laibulale ya pasukulu panu ilibe, pemphani a hedi aligule.

Si onse anamangidwa kapena kuthawa, ndipo sindifuna kuti tiziona ngati otsala anali amantha. A Chimombo anakhala pa Chirunga zaka zonsezo, kuphunzitsa, kulemba sewero la The Rainmaker lonena za M'bona, ndi kutulutsa magazini ya WASI ya olemba ndi aluso. Anamwalira mu 2015. A David Kerr ndi a Chris Kamlongera anatenga Travelling Theatre nkupita nayo kumidzi, kumene masewero ankachitika m'Chichewa ndipo anthu a m'mudzi ankalowerera nkumakamba mavuto awo. Ku mbali ya mbiri, imene ndi phunziro langa, Bambo Matthew Schoffeleers anafufuza za kachisi wa M'bona ku Nsanje, a Kings Phiri za Amaravi ndi Achewa, a Owen Kalinga za Angonde. Zimene timalemba pa bolodi za Kalonga ndi Lundu zinachokera kwa anthu amenewa, pamodzi ndi ophunzira awo amene patchuthi ankatumidwa kumidzi kukafunsa nkhalamba.

Ena anakamveka kunja. A Sam Mchombo anaphunzitsa Chichewa pa Chanco asanapite ku Berkeley ku America, ndipo buku lawo la The Syntax of Chichewa la 2004 linachititsa kuti akatswiri a zilankhulo padziko lonse azitchula ziganizo za chilankhulo chathu. A Paul Tiyambe Zeleza, amene anamaliza mu 1976, inu ana anga mumawadziwa ndi Smouldering Charcoal imene inakusowetsani tulo pokonzekera MSCE, koma ndi katswiri wa mbiri amene analandira mphoto ya Noma mu 1994 chifukwa cha buku la mbiri ya chuma cha Africa.

Mphepo itayamba kusintha, koleji sinatsalire. Maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo pa 8 March 1992, ophunzira a pa Chanco anayenda m'misewu ya Zomba kugwirizana nayo, ndipo koleji inatsekedwa. Bungwe loyendetsa referendamu ya pa 14 June 1993 linatsogozedwa ndi a Brown Chimphamba, mkulu wa pa yunivesite, ndipo chisankho cha 1994 chinayendetsedwa ndi mayi Anastasia Msosa, amene anaphunzira malamulo pa yunivesite yomweyi nkudzakhala mayi woyamba kukhala mkulu wa majaji mu 2013. A Rubadiri aja anabwerera kwawo, ndipo mu 2000 anakhala Vice-Chancellor, patatha zaka 35 chichokereni.

Wina angaganize kuti nkhani inathera pamenepo. Ayi. Mu February 2011 a Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa ndale, anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi, a Peter Mukhito, kuti akafotokoze chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, choyerekeza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kuno ndi zimene zinautsa anthu ku Tunisia ndi ku Egypt. Ndiye kuti wina m'kalasimo anakanena. Aphunzitsi, motsogozedwa ndi mayi Jessie Kabwila, anakana kulowa m'kalasi mpaka atatsimikiziridwa kuti ali ndi ufulu wophunzitsa mopanda mantha. Anayi anachotsedwa ntchito: mayi Kabwila, a Chinsinga, a Garton Kamchedzera ndi a Franz Amin. Chancellor pa nthawiyo anali a Bingu wa Mutharika, ndipo anaikira kumbuyo mkulu wa apolisi uja. Maphunziro anaima kwa miyezi pafupifupi 8, ana athu ali pakhomo, makolo akudandaula, mpaka mu October pamene anayiwo anabwezeretsedwa pa ntchito. Awiri mwa iwo, a Chinsinga ndi mayi Kabwila, pambuyo pake anadzakhala nduna za boma, ndipo zimenezo muweruze nokha.

Kuyambira mu 2021 dzina loti Chancellor College linatha pa mapepala. Poly inakhala MUBAS, makoleji a zaumoyo anakhala KUHeS, Bunda inali itapatuka kale nkukhala LUANAR, ndipo pa Chirunga ndi pamene panatsala dzina la Yunivesite ya Malawi. Anthu akupitirizabe kunena kuti Chanco. Inu amene munaphunzira kumeneko, ndilembereni m'munsimu mayina a aphunzitsi amene ndawasiya, makamaka a sayansi ndi a maphunziro a uphunzitsi, poti amenewo ndiwo anasula ambiri a ife amene tili ndi choko m'manja.